Nsangalabwi za ku Chilwa ndi Gombe Losakhala Pamodzi

Mwezi uno tiphunzira za gombe la kumadzulo la nyanja ya Chilwa, ndilo la m'dziko la Zomba, kumene kuli doko la Kachulu moyang'anana ndi chisumbu cha Chisi. Ambiri a ife tidya matemba a kumeneko chaka chonse, koma ngowerengeka amene anayamba afunsa kuti, Kodi malowo anakhala bwanji chotero? Tiyesa kuyankha funsolo poyang'ana zinthu zimene munthu aziponda ndi mapazi ache, ndizo miyala, mchenga ndi matope. Pakuti izi zisunga mbiri yaitali yoposa imene nkhalamba iri yonse ingathe kukumbukira.

Munthu wozolowera nyanja yaikuru ya Malawi, monga ku Chembe kapena ku Nkhata Bay, adziwa gombe ngati malo okhazikika: apa mchenga, apo thanthwe, ndipo madzi alekeza pafupi ndi pamene analekeza masiku a atate wache. Ku Chilwa sikuli chomwecho iai. Wochokera ku mzinda wa Zomba ayenda makilomita ngati 30 kunka kum'mawa, m'chigwa chathyathyathya cha minda ya mpunga ndi chimanga, napitirira phiri la Mpyupyu loima pa lokha; ndipo pofika pa madzi sapeza gombe la miyala yosalala, koma matope akuda ndi njedza zowirira. Akabweranso patapita zaka zitatu, kapena adzapeza kuti madzi anathawira kutali kosaoneka ndi maso, kapena adzapeza kuti pamene anaima kale payenda ngalawa. Koma akadakhala wopenyetsa m'njira muja, akadaona kuti asanafike pa madzi anadutsa mitumbira yaitali ya mchenga ndi timiyala, yogona motsata mbali ya nyanja ngati mizere ya m'munda wa chimphona. Imeneyo ndiyo magombe akale. Mafunde anaiunjika m'nthawi zimene nyanja inali yaikuru ndi yakuya koposa lero, ndipo madzi atabwerera anaisiya pa mtunda. Chotero wofuna gombe la nsangalabwi ku Chilwa asalifune pa madzi, koma m'minda ya anthu, m'mitsinje yotsikira ku nyanja, ndi m'tsinde mwa mapiri a ku Chisi.

Nsangalabwi sibadwa yoburungira. Poyamba iri chibenthu cha thanthwe, chosongoka ndi chakuthwa, chimene dzuwa, mvula ndi mizu ya mitengo zachibenthula pa phiri. Madzi a dzinja achikokolola kunka nacho mu mtsinje, ndimo chigubuduka chaka ndi chaka, chigundana ndi zinzache, kufikira nsonga zache zonse zitatha. Zimene zaperesekazo zisanduka mchenga, ndipo zosalala koposa zisanduka dothi loyenda ndi madzi kufikira pakati pa nyanja. Mitsinje yogwira nchito imeneyi kuno kumadzulo ndiyo Domasi, Likangala ndi mthandizi wache Mulunguzi, Thondwe ndi Namadzi. Kumwera kuli Phalombe ndi Sombani, ndipo kuchokera ku Mozambique kubwera Mnembo. Phiri la Zomba likwera kupitirira mamita 2,000 pamwamba pa nyanja yamchere ya dziko lonse, pamene Chilwa agona pa mamita ngati 620. Potero mitsinje itsika ndi liwiro lalikuru m'phiri, koma ikafika m'chigwa mphamvu yache ichepa. Itula miyala yaikuru poyamba, pambuyo pache nsangalabwi, kenaka mchenga, ndipo ku nyanja kufika matope okha okha. Ndicho chifukwa chache gombe la lero liri lamatope.

Za mitundu ya miyala

Tikatola miyala ingapo m'chigwachi ndi kuiswa, tidzapeza kuti siiri ya mtundu umodzi. Ina iri ndi mizere yoyera ndi yakuda yotsatizana, yopindika-pindika monga nsaru yofinyidwa. Ophunzira za miyala aitcha gneiss, ndipo ndiyo maziko a dziko lathu lonse. Zaka zache ziposa mamiliyoni 500. Kuchokera m'mitsempha yache muturuka mwala woyera wolimba uja, umene ukagundana ndi chitsulo uturutsa moto, ndiwo nsangalabwi yeniyeni. Ndipo popeza suola msanga monga miyala inzache, ndiwo utsala wochuruka pa magombe akale.

Miyala ina iri yotuwa, ya njere zazikuru zonyezimira, yopanda mizere. Iyi ichokera ku Zomba ndi Malosa, ndi ku mapiri a kumpoto monga Chikala, Chaone ndi Mongolowe. Dzina lache la wochurukawo ndi syenite. Iri yaing'ono m'zaka poyerekeza ndi inzache ija, pakuti inabadwa zaka za pakati pa mamiliyoni 110 ndi 140 zapitazo. M'nyengo imeneyo mwala wosungunuka ndi moto wa pansi pa dziko unakwera m'ming'alu, koma wambiri sunaturukire kunja. Unazizira pang'ono pang'ono m'kati mwa nthaka, nuuma. Pambuyo pache mvula ya zaka zosawerengeka inachotsa miyala yofewa imene inaukwirira, ndipo wolimbawo unatsala chiimire. Motero phiri la Zomba, ndi la Mulanje lomwe, sanaunjikidwe pamwamba pa chigwa ai, koma anabvundukulidwa, monga chitsa chioneka madzi atakokolola nthaka ya m'mbali mwache.

Koma mwala wodabwitsa koposa uli ku Chisi. Tidziwa tonse mwala wa njereza, umene anthu autentha kuti apeze laimu wopaka nyumba. M'maiko ambiri mwala wotere upangika pansi pa madzi, kuchokera ku zigoba za tizirombo ta m'nyanja tounjikana. Pakati pa mapiri a ku Chisi pali mwala wa mtundu wa njereza womwewo, koma wosachokera ku zigoba: unaturuka pansi pa dziko uli wosungunuka, m'phiri lophulika moto limene linazima kale lomwe. Frank Dixey, amene anali mkuru woyang'anira za miyala mu Nyasaland kuyambira 1921 kufikira 1939, anaufufuza pamodzi ndi anzache W. Campbell Smith ndi C. B. Bisset, ndipo m'chaka cha 1937 anasindikiza zimene anapeza, natcha miyala yonse ya mtundu umenewu kumwera kwa dziko lino ndi dzina la Chilwa. Masiku amenewo akatswiri ambiri a ku Ulaya sanabvomereze kuti njereza ingathe kubadwa m'moto. Kukayika kwao kunatha m'zaka za 1960, pamene anthu anaona ndi maso phiri la Ol Doinyo Lengai ku Tanzania lirikulabvula mwala wa mtundu umenewo uli wamadzimadzi. Lero mwalawo utchedwa carbonatite, ndipo ali yense wouphunzira, kungakhale ku maiko akutali, akomana ndi dzina la Chilwa m'mabuku ache. Nkutheka kuti mwana wa ku Chisi wokwera phirilo kukafuna nkhuni sadziwa kuti kwao kutchuka chotero; aphunzitsi a m'masukulu a kumeneko akadachita bwino kumuuza. Abale ache a phirili ndiwo Tundulu ndi Songwe, kumwera kwa nyanja m'dziko la Phalombe.

Nyanja yopanda khomo

Tsono tifunse: ngati magombe akale ali pa mtunda, madzi amene anawaunjika anapita kuti? Pakuyankha tiyenera kuyang'ana kumpoto. Kale Chilwa ndi Chiuta inali nyanja imodzi, ndipo madzi ache anali kuturuka kudzera ku Amaramba, nalowa mu mtsinje wa Lugenda, umene uthira mu Rovuma, ndi Rovuma m'nyanja yamchere ya India. Koma mphepo ya mwera, imene iomba miyezi yambiri ya chaka, inakankha mafunde kunka kumpoto, ndipo mafundewo anaunjika mchenga kufikira unakhala mtumbira waukuru wopingasa chigwa chonse kuchokera kumadzulo kunka kum'mawa. Zaka zikwi zingapo zapitazo, madzi atatsika m'nyengo youma, mtumbirawo unadula nyanja pawiri. Chiuta anatsala ndi khomo lache, ndipo madzi ache ngabwino kufikira lero, Chilwa anatsekeredwa. Njanji ya sitima yochokera ku Nkaya kupyola Liwonde kunka ku Nayuchi, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1970, iyenda pamwamba pa mtumbira womwewo, popeza ndipo pokha pouma pakati pa madambo awiriwo. Wokwera sitimayo ayenda pa gombe lakale losapambanika m'dziko muno.

Kuyambira pamenepo madzi olowa m'Chilwa alibe njira yina yoturukira koma kukwera kumwamba ndi dzuwa. Madzi ali onse a mu mtsinje atenga kamchere pang'ono kuchokera m'miyala, kosamveka pa lilime. Koma pamene madzi auluka, mchere sutsata, utsala. Chaka ndi chaka uonjezeka, monga m'mphika umene mai athiramo madzi a mchere nauphika kufikira kuphwa, nathiranso, nauphikanso. Ndicho chifukwa chache madzi a pakati pa nyanja ali owawa ndi oterera, ndipo m'chilimwe chachikuru matope ouma ayera mbuu ngati awazidwa ufa.

Ndiponso nyanjayi njosaya. Utali wache pamodzi ndi madambo uli ngati makilomita 60, ndi chitando chache 40, koma m'malo ambiri madzi sapitirira mamita 2 kapena 3, kotero kuti oyendetsa ngalawa angoponda pansi ndi nsungwi. Iri ngati madzi a m'lichero, osati a m'mtsuko. Mvula ikachepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, dzuwa limwa koposa zimene mitsinje ibweretsa, ndipo gombe liyamba ulendo wache wonka kum'mawa. M'chaka cha 1968 nyanja inaphwa, anthu nayenda pansi kuchokera ku mtunda kufika ku Chisi. Inaphwanso m'chaka cha 1995. Mu 2012 inatsika kwambiri, ndipo pa mapeto a 2018 ngalawa zambirimbiri zinagona pa matope ong'ambika pa Kachulu. Nkhalamba za m'zaka za 1960 zinali kukumbukira kuphwa kwina kwa masiku a ubwana wao, ndipo zolembedwa za Boma la Atsamunda zibvomerezana nazo. Koma taonani mbali yinayo: m'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoopsa pa Mulanje, Phalombe ndi Zomba, ndipo madzi anabwerera ndi mphamvu, namiza minda ndi nyumba zimene anthu anamanga pamene panali pouma. Iwo amene amati nyanja irikufa, ndi iwo amene amati nyanja yalanda malo a anthu, onse awiri aona mbali imodzi yokha. Mitumbira ya mchenga ija itiuza kuti kukwera ndi kutsika ndiwo mkhalidwe wache kuyambira kale.

Zamoyo za pa gombe

Cholengedwa chosatha kupirira kusinthaku sichikhalitsa ku Chilwa. M'nyanja ya Malawi muli mitundu ya nsomba mazana ambiri, chifukwa madzi ache akhala chikhalire. M'kati mwa Chilwa mitundu yogwidwa kwambiri iri itatu yokha, ndiyo matemba, mlamba ndi makumba. Makumba a ku Chilwa ali abale a makumba a mu Shire, koma chitsekeredwe nyanja anasiyana nao pang'ono, ndipo apirira mchere koposa anzaowo. Mlamba uli ndi chiwalo m'mutu mwache chouthandiza kupuma mpweya wa kunja, chotero ukhala ndi moyo m'matope mmene nsomba zina zifa. Matemba ngaang'ono, akhwima msanga, naswana kwambiri. Pamene nyanja iyamba kuphwa ndi mchere kuchuruka, nsomba zambiri zifa, koma zotsala zithawira ku mathiriro a mitsinje ndi m'maiwe akuya a Likangala, Domasi ndi inzache, ndimo zidikira. Mvula ikabwera, madzi asefukira pa nthaka imene inamera udzu ndi kudyedwa ndi ng'ombe. Udzu uja uola, tizirombo ta m'madzi timene mazira ao anagona m'pfumbi tiswa tosawerengeka, ndipo nsomba zoturuka m'maiwe zipeza chakudya chosatha. Pakutha zaka ziwiri kapena zitatu nyanja idzalanso. Izi zinapenyedwa bwino ndi aphunzitsi a University of Malawi, amene anayamba kufufuza nyanjayi mu 1966, napenya kuphwa kwa 1968 ndi kubwerera kwa madzi, ndipo buku la zimene anapeza, lokonzedwa ndi Margaret Kalk ndi anzache, linaturuka mu 1979. M'zaka zabwino Chilwa wapatsa dziko lino monga limodzi la magawo asanu a nsomba zache zonse, ngakhale ali wamng'ono chotere.

Apa pali chinthu choyenera kuchigwiritsa. Maiwe a m'mitsinje ndiwo nkhokwe ya mbeu. Munthu wothira katupe m'dziwe m'chaka cha chilala, kapena wokokamo khoka la maso ang'onoang'ono ngati chitetezo cha udzudzu, sapha nsomba za tsiku limenelo zokha ai, koma adya mbeu ya nyanja yonse. Pa kuphwa kwa 1995 mafumu a m'mbali mwa nyanja pamodzi ndi a Boma oyang'anira za nsomba anazindikira ichi, naletsa kupha nsomba m'maiwemo, naika makomiti a pa magombe. Ndipo m'zaka zotsatira nsomba zinabwerera. Lamulo lotseka nyanja kwa asodzi a makoka m'miyezi yoyamba ya mvula, pamene nsomba ziswana, liri ndi cholinga chomwecho. Tidziwa kuti njala siwerenga malamulo, ndipo sitifulumira kuweruza munthu amene ana ache agona ndi njala. Koma tinene zoona, ambiri oswa lamuloli sali amphawi, ali eni makoka akuruakuru okhala nazo.

Njedza zimene zizinga nyanja, makamaka kumpoto, ziri ndi nchito yache. Zisefa matope obwera ndi mitsinje, zibisa ana a nsomba, ndipo anthu aziweta kupanga mphasa ndi kufolera nyumba. M'kati mwa njedzamo asodzi amanga timisasa toyandama totchedwa zimbowera, nakhala momwemo masabata kapena miyezi osaponda mtunda. Madzi omwewo amwa, asamba, nachitamo zonse. Potero nthenda ya kolera iwapeza kawirikawiri, ndipo m'chaka cha 2016 a zaumoyo anachita kuwatsata ndi ngalawa kukawapatsa katemera wakumwa.

Mbalame ndizo ulemerero wa malowa. Mitundu yache iposa 150. Kuli atsekwe ndi abakha a kuthengo, abvuwo oyenda m'magulu, akakowa oyera, nantchengwa womanga chisa chachikuru, nkhwazi yolira pamwamba, ndi tinkhuku ta m'madzi toyenda pa masamba. Zina siziri za kuno: ziswana ku Ulaya ndi kumpoto kwa Asia, ndipo pothawa chisanu cha kwao ziuluka makilomita zikwi zambiri kudzafika pa matope a Chilwa cha mu October, nizibwerera cha mu March kapena April. Kambalame kamiyendo yaitali kamene mwana akaponya mwala pa Kachulu, kapena kanaswedwa ku Siberia. Chifukwa cha mbalamezi, m'chaka cha 1996 Chilwa analembedwa m'pangano la maiko la Ramsar losunga madambo, ndiye woyamba m'Malawi kulembedwamo. Ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linamwerengera m'malo osungika a anthu ndi zolengedwa pamodzi. Koma nsomba zikasowa, anthu atembenukira kwa mbalame ndi misampha, ulimbo ndi mfuti, ndipo zophedwa pa chaka zichuruka koopsa. Alenje eni ache anapanga magulu ao oika malo opatulika oswanirana mbalame ndi nyengo yoleka kusaka. Nchito yotere iyenda bwino pamene mfumu ya mudzi iima nao.

Tisaiwale dzombe. Zigwa za udzu za Chilwa ndi Chiuta ziri mwa malo ochepa mu Afrika muno mmene dzombe lofiira liswanirana lisanauluke m'magulu, ndipo malo amene madzi angochokapo kumene ndiwo liwakonda. Mliri waukuru wa dzombe limeneli unasautsa maiko a kuno kuyambira 1930 kufikira cha m'ma 1944, ndipo chiyambire pamenepo maiko agwirizana kulondera zigwa zotere.

Nyama zazikuru zinalipo zambiri kale. M'chaka cha 1897 Boma linapatula chigwa cha Chilwa, pamodzi ndi dambo la Elephant Marsh ku Shire, kukhala malo oyamba osungira nyama m'dziko muno. Lamulolo silinakhalitse, ndipo pamene panali kudya njati ndi mbawala lero pali mpunga.

Anthu a pa gombe

Eni dziko akale anali Anyanja kapena Amang'anja, asodzi ndi alimi, amenenso anadziwa kuphika mchere. Akazi anali kupala dothi loyera la m'mbali mwa nyanja, nalithira m'mphika wobooka pansi, nathirapo madzi, ndipo madzi okhawo anawaphika kufikira utatsala mchere. Mchere umenewo unayenda kutali, kusinthana ndi makasu, nsaru ndi chakudya. Chotero chimene chiwawitsa madzi a nyanja chinali chuma cha anthu ache.

Pa 18 April 1859 David Livingstone ndi John Kirk, atakwera kuchokera ku Shire, anafika m'mbali mwa nyanjayi, nailemba dzina lakuti Shirwa. Analawa madzi nawapeza owawa pang'ono, naona mvuu ndi ng'ona. Anthu anawauza kuti kumpoto kuli kamtunda kopapatiza kolekanitsa nyanja iyi ndi yina, ndipo iwo anayesa kuti yinayo ndiyo Nyasa imene anali kuifuna. Ife tsopano tidziwa kuti tsidya lija la mtumbira wa mchenga kuli Chiuta. Ku Nyasa anakafika mwezi wa September chaka chomwecho podzera njira ya Shire. Zaka zotsatira zinali za mabvuto. Ayao analowa m'dziko kuchokera kum'mawa, nkhondo zogwira akapolo zinachuruka, ndipo njira za amalonda a akapolo zonka ku gombe la nyanja yamchere zinadzera m'mbali mwa Chilwa. Amishoni oyamba a Bishopu Mackenzie, amene anakhala pa Magomero mu 1861, anapezeka pakati pa nkhondo zomwezo. Pambuyo pache, mu 1884, Angoni anaoloka Shire nathira nkhondo m'mapiri a kuno. M'masiku onsewo Chisi chinali linga la othawa: madzi ndi matope zinatchinjiriza anthu amene analibe mfuti, ndipo mbumba zambiri za Anyanja zinapulumukira kumeneko. Tiganize tsono mantha a anthu aja m'chaka chimene nyanja inayamba kuphwa, poona linga lao lirikusanduka njira. Mishoni ya Domasi inayambidwa ndi Alexander Hetherwick mu 1884. Mfumu Kawinga, amene anakhala pa phiri la Chikala, anagonjetsedwa ndi asilikari a Boma mu 1895. Ndipo kuyambira zaka zomwezo Alomwe ambiri anafika kuchokera ku Mozambique nakhala m'chigwachi. Lero mitundu yonse itatu ikhala pamodzi pansi pa mafumu monga Mwambo ndi Kuntumanji ku mtunda, ndi Mkumbira ku Chisi.

Makolo aja anali ochepa, ndipo anayenda pamodzi ndi gombe: madzi akabwera anasodza, akachoka analima pa chinyontho, naweta, nasaka. Tsopano anthu a m'chigwa chonse cha Chilwa aposa miliyoni imodzi, ndipo malo osunthira palibe. Minda ya mpunga yothirira ya Likangala ndi Domasi, yotsegulidwa cha m'ma 1970, ipatutsa madzi a mitsinje asanafike ku nyanja. M'mapiri mitengo yatha ndi makala, ndi nkhuni zowambira nsomba. Ndipo phiri lopanda mitengo lituma madzi ache onse tsiku limodzi pamodzi ndi nthaka, m'malo mowatuma pang'ono pang'ono chaka chonse. Nchito ija ya mitsinje yonyamula dothi, imene tinaiona poyamba, tsopano ifulumira, ndipo lichero losaya kale lija lirikukwiririka. Pano mpamene tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri: kuphwa kwa nyanja nkwakale ndipo sikuli mlandu wa munthu, koma maiwe a m'mitsinje akakwiririka ndi mchenga, kapena akauma chifukwa madzi onse apatutsidwa, nsomba zidzasowa kothawira, ndipo madzi obwerera adzabwerera opanda kanthu. Kuyambira 2010 akazi ena a pa Kachulu anaphunzira kuyanika matemba m'nyumba za pulasitiki zotentha ndi dzuwa, mosafuna nkhuni. Nkanthu kakang'ono, koma kaloza koyenera.

Ndipo magombe akale aja, amene anagona zaka zikwi osasamalidwa ndi munthu, tsopano apeza owafuna. Mafunde posamba mchenga achita monga mai wopeta: zopepuka zichoka, zolemera zitsala. M'miyala ya m'mapiri muli njere zakuda zolemera, ndipo mafunde a nyanja yakale anazisonkhanitsa m'mitumbira ija. Wofukula mchenga pafupi ndi Mpyupyu, kapena ku Mposa m'dziko la Machinga, adzaona mizere yakuda m'kati mwache. Wochuruka mwa mchenga wakudawo ndi ilmenite, mmene muturuka titanium, chitsulo chopepuka ndi cholimba chopangira ndege, ndiponso utoto woyera wa penti. Mulinso zircon wogwira nchito m'mbale zadothi ndi matailosi. Kampani ya ku Australia yotchedwa Chilwa Minerals, imene inayamba kugulitsa magawo ache pa msika wa kwao mu 2023, inaboola maenje ambiri m'malo amenewa kuyesa kuchuruka kwa mchengawo. Kukumba mchenga wotere kutanthauza kufukula mtumbira wonse, kuusambitsa ndi madzi ambiri, kuchotsamo zakudazo ndi kubwezera zotsala. Koma mitumbira imeneyo, popeza ndiyo yokwera ndi youma m'chigwa cha madzi, ndi pomwe anthu anamangapo midzi, masukulu ndi manda ao, ndi pomwe athawira madzi akasefukira monga mu 2023. Mafumu ndi anthu a m'midzimo, pamene aitanidwa ku misonkhano ya za mgodi, ayenera kufunsa momveka kuti madzi osambitsira mchenga adzatungidwa kuti m'chaka cha chilala, kuti madzi akudawo adzathiridwa kuti, kuti osunthidwa adzakhala pa mtunda uti wosafika madzi, ndi kuti mtumbira ukabwezedwa udzakhala wa msinkhu womwewo kapena wotsika. Ndipo mayankho ache alembedwe pa pepala, m'chinenero chimene eni mudzi atha kuwerenga.